Nyimbo zatsopano zodziwa kwawo

Mukafuna kudziwa nyimbo yomwe yavuta m'Malawi muno, musataye nthawi ndi mikangano ya pa Facebook. Bwerani ku Zomba kuno sukulu ya UNIMA ikatsegulira, mudzayende wapansi chakumadzulo kuchokera ku Chikanda kulowera m'tauni. Pofika kudepoti mudzakhala mutaloweza kolasi yake musakufuna. Imatulukira pawindo la chipinda cha ana asukulu, imalira mu saluni, pachiwaya, ndi pa kasipika komwe mnyamata wa kabaza wamangirira ndi mphira pa handulo ya njinga yake yamoto. Munthu susankha, umangoimva basi. Ophunzira akatsekera n'kumwazikana, tauni yathuyi imabwerera ku tulo take ta mzinda womwe unalandidwa ulikulu mu 1975, ndipo nyimbo ija imazirala limodzi ndi malonda a tchipisi.

Zambiri mwa nyimbo zovutazi sizidutsa semesita imodzi. Sindikuzinyoza ayi. Nyimbo yovinira ili ndi ntchito yake, ndipo ikadzutsa azakhali pa ukwati Loweruka masana, yagwira ntchitoyo. Koma anzanga amsinkhu wanga, omwe tinakulira pa makaseti kenako ma CD obena, amakonda kundifunsa kuti pa zonse zikutulukazi n'ziti zoti munthu n'kuwonongerapo bandulo. Ambiri mwa iwo anasiya kutsata nyimbo kalekale, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuimba kunatha tsiku lomwe iwo anakwatira. Zabwino zilipo. Ndipo zomwe zimapulumuka mu foni mwanga malo akachepa, zomwe chala chimakana kufufuta, zili ndi khalidwe limodzi: n'zatsopano ndithu, koma zimadziwa kwawo. Ukatchera khutu umamvamo munthu wina wamkulu yemwe anaimba kale.

Yambani ndi "Love Me JeJe" ya Tems wa ku Nigeria, ya mu chimbale chake cha 2024 chotchedwa Born in the Wild. Mutu ndi kolasi anazitenga mu nyimbo ya Seyi Sodimu ya mu 1997, yomwe anthu a ku Lagos ankavina iye akadali kamwana. Sanaithamangitse, sanaiunjikire zida. Muli gitala wofewa, ng'oma zoyenda mwaulemu, ndi liwu lake lija lokhuthala lomwe silikuwa koma limadzaza nyumba. Mu February 2025 inapata mphotho ya Grammy m'gawo la nyimbo za ku Africa, gawo lomwe linayamba mu 2024 ndipo woyamba kulandira anali Tyla wa ku South Africa ndi "Water". Nonse mukuidziwa "Water", munaona atsikana akudzithira madzi kumsana pa TikTok. Ndi nyimbo yopangidwa mwaluso, sindikana. Koma pa ziwirizi, yomwe ndimaika Lamulungu masana ndikusita zovala za sabata yonse ndi ya Tems, ndipo sinanditopetsebe.

Yachiwiri ndi "luther" ya Kendrick Lamar ndi SZA, ya mu chimbale cha GNX chomwe chinatuluka mwadzidzidzi mu November 2024. Ikangoyamba mumamva liwu la malemu Luther Vandross, lotengedwa mu nyimbo yomwe anaimba ndi Cheryl Lynn mu 1982, "If This World Were Mine". Kendrick, munthu wodziwika ndi mavesi othina oti uwamvetsere katatu, apa amatsitsa liwu n'kumangoyenda pambali pa mkuluyo. Inakhala pa nambala wani ku America kwa masabata 13. Ndinaiyesa pa mayi wina yemwe timagwira naye ntchito, wokonda kwaya, yemwe akangomva kuti rapu amatseka makutu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Koma ameneyu ndi uja mumati amatukwana uja?" Ndi yemweyo, mayi.

Koma nyimbo yomwe imandisowetsa mtendere, yomwe ndikufuna woimba aliyense wa kuno aimvetsere atakhala pansi, ndi "Never Forget" ya Sampa the Great. Ndi ya mu 2022, choncho ana a ku Chikanda anganene kuti ndi yakale, koma asiyeni. Sampa anabadwira ku Zambia, anakulira ku Botswana, ndipo dzina anakapangira ku Australia. Nthawi ya Covid anabwerera kwawo, n'kujambula chimbale cha As Above, So Below ndi Mag44, katswiri wa ku Lusaka komweko. Nyimboyi ndi yolemekeza Zamrock, chamba cha m'ma 1970 pomwe anyamata a ku Zambia anatenga magitala a rock n'kuwaphatikiza ndi ng'oma za kwawo: magulu ngati WITCH ndi Amanaz, ndi anthu ngati Paul Ngozi. Muli Chef 187 akurapa m'Chibemba, muli Tio Nason, muli mng'ono wake wa Sampa, Mwanjé. Ng'oma zake zimathamanga mwa kumudzi, zoti ngakhale munthu wa ku Jali kapena ku Mayaka angadzuke n'kuvina osafunsa kuti ndi chamba chanji. Mu chimbale chomwecho anaitananso a WITCH enieniwo kuti aimbe naye nyimbo ina. Ndipo dziko linamva: "Never Forget" inagwiritsidwa ntchito potsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever.

Chimene chimandiwawa n'choti a ku Zambia si kuti anali ndi chuma choposa chathu. Ife tinali ndi Daniel ndi Donald Kachamba ndi kwela yawo ya ku Chileka. Tinali ndi Allan Namoko, wosaona uja wa ku Thyolo, yemwe banjo yake inkalankhula kuposa anthu ambiri openya. Tinali ndi Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band. Muli mabiti m'menemo oti mnyamata wodziwa kompyuta atha kudula kachidutswa ka masekondi anayi, kuika besi pansi, n'kupanga chinthu chomwe palibe wa ku Atlanta kapena Johannesburg angakhale nacho. M'malo mwake situdiyo zambiri zikutulutsa log drum yomweyomweyo, besi yogunda ija ya amapiano, yomwe eni ake ku South Africa amaiimba bwino kutiposa. Mverani "Mnike" ya Tyler ICU kapena "Tshwala Bam" ya TitoM ndi Yuppe, kenako mumvere zathu zambiri zotsanzira. Mudzadziwa nokha mwini munda ndi waganyu.

Sikuti palibe amene anayesa. Tay Grin anatenga masewero a ana n'kupanga "Chipapapa" ndi 2Baba wa ku Nigeria mu 2016, ndipo mpaka lero ikalira, akuluakulu a mataye amayamba kuombana m'manja. Patience Namadingo anakhala pansi ndi akuluakulu angapo, kuphatikizapo malemu Lucius Banda, n'kuimba nawonso nyimbo zawo mu chamba cha reggae. Yomwe inapita kutali ndi ya mu 2020 ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. "Linny Hoo" inazungulira dziko lonse pa TikTok, anthu a m'mayiko omwe sadziwa kuti Chiradzulu ili kuti akuvina nyimbo ya gogo wa zaka zoposa 90. Onerani kanema wake, musangomvera. Onani momwe Namadingo amawayang'anira madalawo, kuwasiyira mpata, kuseka akalowa msanga. Kenaka kunabwera a Jetu, gogo wa zaka za m'ma 70, ndi "Wakalamba Wafuna". Ena amaitenga ngati nthabwala chabe. Ine ndimati pa nyimbo za amapiano zopangidwa kuno, iyi ndi imodzi mwa zochepa zomwe simungazisokoneze ndi za kwina, chifukwa liwu limenelo, kalankhulidwe kameneko, n'ka pa chitsime ndi pa maliro a kwathu konkuno.

Mwana wa mlongo wanga ali chaka chachitatu pa UNIMA, ndipo amabwera kwathu ku Matawale ndalama ya ndiwo ikamuthera. Tsiku lina ndinamuikira nyimbo zimenezi motsatizana tikudikira nsima. Anamvetsera akugwedeza mwendo, kenako anati:

"Ankolo, zonsezi ndi mkute. Mwangosankha nyimbo zomwe muli anthu akufa ndi okalamba."

"Mkute ndi umene unakulera iwe," ndinatero. "Unkapita kusukulu utadya chiyani?"

"Koma ife tikufuna zophikidwa lero. Mukufuna aliyense azingobwereza za Namoko?"

Funso lake ndi labwino, ndipo yankho ndi ayi. Kudziwa kwanu sikutanthauza kuba kolasi ya agogo. Chaka chilichonse mwezi wa August, ana akamatuluka ku ndagala, misewu ya ku Chinamwali ndi ku Sadzi imadzaza ndi manganje. Gulu limathamanga pang'onopang'ono, fumbi kobo, wina akutsogolera nyimbo, onse akuvomera, ng'oma ikugunda mosapumira. Nyimbo zambiri za pamenepo si zakale konse. Zimapekedwa chaka chomwecho, zina zonyoza, zina zolaula moti amayi amatseka ana makutu akuseka. Chakale ndi kayendedwe ka ng'oma ndi kuyankhana kuja. Mnyamata yemweyo yemwe usiku amarapa motsanzira drill ya ku London, akutchula mfuti zomwe sanazionepo, masana anali m'gulu lomwelo akuvomera nyimbo ndi mphamvu zake zonse. Ndimafuna atalowa mu situdiyo ndi thupi lomwe linali mumsewu lija.

Mphwangayo sanagonje. Anati ndimvere kaye oimba a kuno omwe akudzaza mabwalo ndisanayambe kulalikira. Pamenepo tinagwirizana, chifukwa ena mwa iwo ali kale mu foni mwanga.

Driemo ndi woyamba. Chimbale chake cha Mzaliwa ndi chimodzi mwa zochepa za kuno zomwe ndimamvera kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha kwambiri. Yambani ndi "Mojo", kenako mufufuze "Popo". Mnyamatayu ali ndi liwu lokwera, lolira pang'ono, ndipo nyimbo zake zimaima ngakhale mutachotsa zida zonse n'kusiya gitala yekha. Kameneka ndiye kamuyeso kanga kachiwiri, pambali pa kudziwa kwawo kuja: ikani nyimbo pa sipika ya foni yotchipa, yopanda besi, magetsi atazima. Ngati patsala nyimbo, isungeni. Zambiri za log drum zija zimasanduka phokoso la malata.

Eli Njuchi amadutsa muyeso umenewu mosavuta. Anayambira ku dancehall, koma kalembedwe kake ndi ka munthu yemwe anamvera miyambi ali mwana ndipo amadziwa kuti Chichewa chimakoma ukachipinda pang'ono. "Gugugu" ndi yachikondi, yopepuka. "Tempolale" ndi yomwe ndinkaimva paliponse m'miyezi yowawa ija kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, shuga akusowa, mitengo ikusintha m'mawa ndi madzulo. Anthu ankaiimba pamzere wa mafuta mosaseka. Nyimbo yotonthoza ndi yovuta kulemba, chifukwa ukangowonjeza pang'ono imasanduka ulaliki wa m'basi. Iyeyu anadziwa polekezera.

"Controller" ya Onesimus, yemwe akalefe timamukumbuka ndi dzina loti Armstrong, ndi pop yeniyeni yosachita manyazi. Inatuluka mu 2024 n'kuwoloka malire, ndipo ndi yosalala moti poyamba ndinkaikayikira. Koma kupanga nyimbo yomwe mwana wa zaka zisanu ndi agogo ake onse angaigwire pakamwa tsiku limodzi ndi luso, ndipo luso limenelo si la aliyense. Ikani pambali pake "Bana Pwanya" ya Kell Kay, momwe muli Yo Maps wa ku Zambia ndi Prince Indah wa ku Kenya, woimba ohangla ya Aluo. Chomwe ndimaikondera n'choti sanathamangire ku Nigeria kukapempha dzina. Anayang'ana kwa anansi, ndipo mawu atatuwo amakhalirana bwino. Za Yo Maps sindichita kukuuzani. Munthu yemwe anadzaza Heroes Stadium ku Lusaka mu 2023, ndipo kuno timamumva ngati wathu chifukwa Chinyanja chake sichifuna womasulira.

Tibwerere ku rapu, poti ena mwabwera kudzamva zimenezo.

"Not Like Us" munaimva, mufune musafune. Kendrick anaitulutsa mu May 2024 pa nkhondo yake ya mawu ndi Drake, biti yake inapangidwa ndi Mustard, ndipo inatenga ma Grammy 5 usiku umodzi, kuphatikizapo ya nyimbo yopambana pa chaka. Monga ntchito ya manja ndi yoopsa: munthu kutukwanidwa dziko lonse likuvina. Koma ndikaimva ikulira pa phwando la tsiku lobadwa la mwana wa ku nazale, ndimadziwa kuti palibe wamkulu pamenepo yemwe anamvetsera zomwe ikunena. Milandu yomwe ikutchulidwa m'menemo si yoti ana aziimba. Imvereni nokha pa mahedifoni, muone momwe amasinthira kathamangidwe ka mawu pakati pa vesi, kenako mupite ku zina.

Zinazo ndi izi. Doechii wa ku Tampa, Florida, anapata Grammy ya chimbale cha rapu mu 2025 ndi Alligator Bites Never Heal, kukhala mkazi wachitatu kutero pambuyo pa Lauryn Hill, yemwe analandira ali mu Fugees, ndi Cardi B. Ambiri anamudziwira pa "Anxiety", koma ine ndikuti mverani "Denial Is a River". Ndi nthano. Akukambirana ndi liwu lina lomwe likumufunsa mafunso ngati mlangizi, iye n'kumafotokoza zomwe zamuchitikira zaka zingapo: chibwenzi chachinyengo, kutchuka, mankhwala, kudzinamiza kuti zonse zili bwino. Amaseketsa mpaka pomwe umazindikira kuti sizoseketsa. Biti yake ndi ya rapu ya m'ma 1990, yopanda zokometsera, yosiyira mawu malo. Muli mawu olaula, ndanena.

Ndipo kwa inu amene mumati rapu ndi ya ana, pali Clipse. Ndi abale awiri a ku Virginia, Pusha T ndi Malice, omwe anakhala osatulutsa chimbale limodzi kuyambira 2009 mpaka July 2025 pomwe anabwera ndi Let God Sort Em Out, chopangidwa ndi Pharrell Williams. Nyimbo yotsegulira, "The Birds Don't Sing", momwe muli John Legend, ndi ya makolo awo omwe anamwalira motsatizana pa miyezi yochepa. Wamng'ono akulankhula za mayi, wamkulu za bambo. Ndi amuna aakulu, wina wadutsa zaka 50, akunena zomwe sananene makolowo ali moyo, ndi zizindikiro zomwe sanazione chifukwa chotanganidwa. Aliyense yemwe anakwerapo minibasi ya ku Liwonde kapena ku Phalombe ataitanidwa mochedwa adzaimva nyimboyi ngakhale Chingerezi chake chitamudutsa pena. Musaiike muli pagulu.

Kuno kwathu muyeso wanga wa rapu yonena kanthu ukadali "Mkazi wa Kumwamba" ya Suffix ndi Faith Mussa, yokamba za makolo okaniza ukwati chifukwa cha mtundu. Papita zaka, koma nkhaniyo ikadali m'mabanja mwathu, ndipo ndi chitsanzo cha zomwe Chichewa chimatha kuchita pa biti munthu akakhala ndi nkhani. Anyamata atsopano a trap ndi drill luso ali nalo, lilime lawo limathamanga kuposa la akuluakulu awo. Ndikamva mmodzi akurapa za lendi, za katapila, za digiri yomwe ili mu sutikesi mwini wake akugulitsa kaunjika, ndimaimitsa zomwe ndikuchita. Ndikamva za magalimoto omwe sanafikepo ngakhale pa Mwanza, ndimadumpha.

Za pop ya kutsidya kwa nyanja sindichedwapo. "Birds of a Feather" ya Billie Eilish ndi yokoma, yoyenera ulendo wokwera ku Ku Chawe kukuchita nkhungu. "Die With a Smile" ya Lady Gaga ndi Bruno Mars inapangidwa dala kuti imveke ngati ya m'ma 1970, ndipo posachedwa ilowa m'maukwati athu ngati sinalowe kale. "Espresso" ya Sabrina Carpenter ndi "APT." ya Rosé ndi Bruno Mars ndi zomata m'mutu, mukazimva kawiri mudzazing'ung'udza m'bafa, ndipo mlandu umenewo usakhale wanga.

Mwina mwaona kuti ndatchula Grammy kangapo. Sikuti ndimaiona ngati khoti lalikulu la nyimbo. Koma ife a ku Zomba tili ndi chifukwa choitchulira mosanyinyirika. Chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphothoyi chinajambulidwa konkuno, kuseri kwa mpanda wa ndende yaikulu ija timaidutsa tikamapita ku Blantyre. I Have No Everything Here, cha Zomba Prison Project, chojambulidwa ndi Ian Brennan, chinasankhidwa kupikisana nawo mu 2016, ndipo mphothoyo inapita kwa Angélique Kidjo. Munalibe log drum, munalibe wotsanzira Lagos. Munali akaidi ndi asilikali a ndende, magitala ochepa, ndi nyimbo zawozawo, zambiri m'Chichewa. Anthu akunja anatchera khutu chifukwa chinali chinthu chomwe sakanachipeza kwina.

Kapezedwe ka nyimbozi n'kosavuta masiku ano. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, YouTube ilipo, ndipo za kuno zambiri zimapezeka pa masamba a intaneti a nyimbo za Chimalawi. Ndikudziwa kuti ambiri tikadapitabe kwa anyamata obena nyimbo kumsika, kupereka memore kadi kapena fulashi n'kunena kuti "mundiikire zatsopano". Sindiwaweruza, bandulo ndi yodula, ndipo anyamata amenewo ndi omwe amafikitsa nyimbo ku Chingale ndi ku Kachulu komwe netiweki imachita kusakidwa pachulu. Bungwe la COSOMA, lomwe lakhalapo kuyambira 1992, limatolera kandalama pa zipangizo zosungira nyimbo n'kugawira oimba, koma woimba wa kuno amadyera kwambiri pa shoo. Choncho wina mwa awa akabwera ku Gymkhana, ku Great Hall kapena ku Zomba City Festival, lipirani pakhomo, musadikire mnzanu wa pageti. Pamenepo mpomwe mudzadziwenso yemwe amaimba ndi yemwe amangokuwa pamwamba pa CD yake. Ndipo tengani jekete. Woimba wamkulu amakwera pasiteji usiku utapita, nthawi yomwe mphepo ya m'phiri imakhala itatsika kale.